Dontho pa Mpango wa Shumaila

Makilogalamu 54. Ndi mmene ankalemerera Chacha Mushtaq, ndipo ndinawayeza ndekha pa sikelo ya katundu ya m'shopu mwanga kutatsala sabata imodzi kuti mtima uwagwetse. Anakwerapo mongocheza, nsapato zili kuphazi, n'kuwerama kuti aone manambala.

"Utati unditumize ku Dubai ungalipire zingati, Adeel?"

"Inu Chacha ndinu otchipa. Katoni imodzi ya mikanda ikukuposani."

"Ndiye uzindisamala. Katundu wopepuka amapita ndi mphepo."

Munthu wowonda chonchi, wosasuta, woyenda wapansi kulikonse, ndani akanamuganizira za mtima? Kuno ku Multan matenda amenewa timawasiyira anthu a mimba zazikulu, eni mashopu a golide amene amatafuna haluwa, chakudya cha shuga ndi mafuta, pa kauntala tsiku lonse.

A Mushtaq Khokhar sanali abale anga. Msika wonse unkawatchula kuti Chacha, monga timatchulira mng'ono wa bambo, ndipo inenso ndinakula ndikutero. Ntchito yawo inali kupeta nsalu za akwatibwi ndi ulusi wagolide. Anayamba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, atakhala pansi pambali pa bambo awo, nsalu itakungidwa pa felemu yamatabwa ngati chikopa cha ng'oma. Dzanja lamanja limabaya singano pamwamba, lamanzere limadikira kunsi kwa nsalu n'kumaipatsa ulusi, osaona. Pofika zaka 47 msana unali utapindika, maso akudalira magalasi, koma dzanjalo silinkaphonya.

Ine ndimagulitsa ulusi, mikanda ndi tizitsulo tonyezimira, khomo lachitatu kuchokera pa kachipinda kawo. Nditayamba kujambula ntchito yawo ndi foni n'kumaonetsa makasitomala akunja, maoda anayamba kubwera. Ndinali nditawerengera kale zonse: mipango iwiri pamwezi, ndiye pakatha zaka zitatu titsegule malo athuathu a amisiri asanu ndi mmodzi, iwo azingoyang'anira. Ndikawafotokozera ankangopukusa mutu.

"Mutu wakowo suzima ngati foni yakoyo. Bweretsa ulusi, mwanawe."

Bambo awo anafera pa felemu asanakwanitse zaka 50. Mkulu wa Chacha, a Ishfaq, anadandaula za chilungulira atadya mpunga wa paukwati, anamwa soda wothira mchere, anakagona, osadzukanso. Anali ndi zaka 44. Onse awiri banja linangoti nthawi yawo inakwana.

Tsiku limenelo la mu Malichi, masana, Chacha analowa m'shopu atagwira pachifuwa, malaya atanyowa ndi thukuta, nkhope ili ngati phulusa.

"Tandiitanitsira soda. Chilungulira chandigwira."

Ndinaitana mwana wawo Tauqeer, mnzanga wa msinkhu umodzi amene amakonza mafoni kutsidya kwa msewu, ndipo tinathamangira nawo kuchipatala cha mtima. Mtsempha umodzi unali utatsekeka. Anawalowetsa kachubu ka waya kudzera pa mkono, kanakafika kumtima n'kutsegula njira, n'kusiyamo kawaya koti mtsemphawo usatsekekenso. Bala lake linali ngati polumidwa ndi udzudzu.

Tsiku lotuluka, Dokotala Rubab, mayi wachitsikana wolankhula mofulumira, anatikhazika pansi.

"Kuwonda sikuteteza munthu, bambo. Ife a kumayiko akuno mtima umatigwira msanga kuposa anthu ena ambiri, ngakhale thupi likhale laling'ono. Kafukufuku wabwereza zimenezi kambirimbiri. Ndiye pali china. M'magazi muli mafuta ena amene munthu sachita kudya, amabadwa nawo. Timawalemba kuti Lp(a). Akapitirira 50 timayamba kuda nkhawa. Anu ali pa 140."

"Ndiye nditani?"

"Mankhwala otsitsa amenewo akadali kuyesedwa. Koma zina zonse tingathe kuzitsitsa, mafuta enawo, kuthamanga kwa magazi, ndipo ngozi imachepa ndithu. Malangizo a masiku ano akuti munthu wamkulu aliyense ayezetse kamodzi pa moyo wake, makamaka ana a munthu ngati inu. Muli ndi ana angati?"

"Awiri."

"Abwere onse." Kenako ananyamula timapaketi tiwiri. "Awa ndi oletsa magazi kuundana pa kawaya kaja. Chaka chathunthu, tsiku lililonse. Mukasiya osandifunsa, kangathe kutsekeka, ndipo kakamatsekeka sikachenjeza."

Ine ndinatuluka mmenemo nditasangalala. Nambala imene ungathe kuitsitsa si yoopsa, ndi ntchito chabe. Koma Chacha pa zonse zimene ananena dokotala anatolapo mawu awiri okha: amabadwa nawo. Tili m'njira anatigwira mawondo tonse awiri.

"Mawu a dokotala aja athere momwe muno. Mwana wanga Shumaila ali ndi zaka 22, ndipo sanakwatiwe."

Sitinafunse chifukwa. Aliyense akudziwa kuti a kuchimuna asanabwere ndi maswiti kudzafunsira mbeta amayamba atuma anthu kukafufuza: kwa oyandikana nawo, kwa wometa, kwa wogulitsa mankhwala wa pakona. Amapemphera? Amakangana? M'banjamo muli matenda anji? Nyumba ikangomveka kuti muli za m'magazi, alendo amamwa tiyi, amayamikira makatani, n'kupita osabweranso.

Choncho Tauqeer anauza msika kuti bambo ake anadya nsomba yoipa. Mapilisi ndinkakagula ineyo kutali, kuseri kwa siteshoni ya sitima, kumene sadziwa nkhope zathu. Kunyumba kwawo sakanakhala, chifukwa amayi obwera kudzaona mtsikana amatsegula makabati ponamizira kusirira mbale. Ankakhala m'shopu mwanga, m'chitini cha mikanda yobiriwira. M'mawa uliwonse Chacha ankabwera kudzamwa tiyi, n'kutembenukira kukhoma ngati akusankha ulusi, n'kumeza.

Zinkayenda. Patapita miyezi iwiri anakayezetsanso, mafuta otsitsika aja anali atatsika kuposa theka. Ndinawajambulira manambalawo pa katoni, akale ndi atsopano.

"Mukuona, Chacha? Bizinesi ikutuluka m'mavuto iyi."

"Ukanakhala dokotala bwenzi odwala akufa ndi phokoso."

Nyengo ya mango inabwera ndi nkhani yabwino. Banja la Haji Sarfraz, ogulitsa feteleza, linafunsira Shumaila. Mwana wawo Umair ndinaphunzira naye, ndi mnyamata wofatsa. Anafufuza mmene amafufuzira, sanapeze kanthu, ndipo ukwati anauika mu Novembala. Chacha anakankhira pambali maoda anga onse. Anapeta mipango ya ana a eni kwa zaka zoposa makumi atatu, ndiye uwu unali wawo. Atsikana a masiku ano safunanso wofiira pa tsiku lomanga ukwati. Shumaila anasankha silika woyera ngati mkaka.

Mmisiri wopeta amadzibaya tsiku lonse. Chala cha kunsi kwa nsalu chija chimakumana ndi singano kosawerengeka, ndipo munthu amangochinyambita n'kupitiriza. Koma tsopano, chifukwa cha mapilisi aja, magazi a Chacha sankasiya msanga. Tsiku lina ndinawapeza ataika singano pansi. Pakona pa mpangowo panali dontho lofiira, litalowerera m'silika kuchokera kunsi.

"Zaka zonsezi sindinadetsepo nsalu ya munthu," anatero osandiyang'ana. "Ndayambira pa mwana wanga."

Silika wotere sachapidwa. Anasintha kapetedwe konse ka pakonapo, n'kuphimba dontholo ndi duwa lalikulu lagolide. Anayesa kukulunga chala ndi pulasitala, koma chala chokulungidwa sichimva ulusi.

Kenako m'mikono munayamba kutuluka mabala akuda, ongobwera ndi kugunda pang'ono pa felemu. Anayamba kuvala malaya a manja aatali m'kutentha kumene ngakhale agalu amabisala. Ndipo tsiku lina akazi a Haji atabwera kudzaona zovala, Chacha anatuluka magazi m'mphuno ali pamaso pawo. Thaulo linafiira, magazi osasiya.

"Achimwene, bwanji sakuleka magaziwa?" anafunsa mayiwo, maso ali pa thaulo. "Pali mankhwala amene mukumwa?"

Chachi Kausar, akazi a Chacha, ndi amene anayankha. "Ndi mango, achemwali. Bambo awa akaona mango amaiwala zaka zawo. Awatenthetsa magazi."

Anaseka onse. Koma mayiwo potuluka anafunsanso kachiwiri.

M'mawa mwake Chacha anatsegula chitini, anatenga la mafuta ndi la kuthamanga kwa magazi, awiri oletsa magazi kuundana aja n'kuwabwezera pansi pa mikanda.

"Mwaiwala ena, Chacha."

"Sindinaiwale."

"Dokotala anati chaka."

"Dokotala alibe mwana woti akwatiwe. Ukwati ukatha ndidzamwa chitini chonse, ndi mikanda yomwe."

"Kawayako sikadziwa za ukwati."

"Iwe, ndakuona ukukwawa mumsika muno wopanda kabudula. Lero ukundiwerengera mapilisi?"

Masana omwewo ndinatseka shopu n'kukaima pamzere kwa Dokotala Rubab. Anandimvetsera akulemba zina, kenako anaika cholembera pansi.

"Bwanji sanabwere? Zimenezi zili ndi njira. Kafukufuku wa zaka zaposachedwa waonetsa kuti odwala ambiri amene akuvutika ndi kutaya magazi tingathe kuwachotsera limodzi pakapita miyezi ingapo, n'kutsala ndi limodzi. Koma osati onse awiri. Ndipo wosankha ndine, nditamuona munthuyo ndi magazi ake. Mubwere naye mawa."

Ndinabwerera ndikuthamanga ngati ndapeza katundu wotchipa. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha: pilisi limodzi, magazi ochepa, mpango woyera, aliyense wapindula. Chacha anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Pamzere paja unaonapo anthu angati owadziwa?"

Ndinawerenga m'mutu. Ndinali nditapatsana moni ndi atatu.

"Mlamu wake wa Haji ali ndi shopu ya zipatso pageti pomwepo. Ndikangoima pamenepo, dzuwa lisanalowe nkhani yafika. Novembala si kutali."

"Tipite kwa dokotala wina, ku Lahore."

"Ndisowe masiku awiri ukwati uli pafupi, ndiye ndidzati ndinadyanso nsomba?"

Tauqeer ndinamuuza. Anakangana ndi bambo ake mpaka kuswa kapu, kenako anabwera kwa ine maso atafiira. "Ndiwagwire pakhosi n'kuwameza nawo?" Ndiye ndinapita kwa Chachi Kausar. Ndinawapeza pabwalo akusoka matumba a mphatso, ndipo ndisanamalize anandidula.

"Ukuyesa sindikudziwa? Ndimagona pambali pawo, ndimamva mmene akupumira."

"Ndiye auzeni, Chachi. Inu amakumverani."

"Khala pansi, mwananga. Mng'ono wanga Nasreen ukumudziwa? Ali ndi zaka 41, sanakwatiwe, akutsuka mbale za mlamu wake. Bambo athu anatsokomola chaka chimodzi chokha, anthu anati chifuwa chachikulu. Anachira, koma Nasreen sanachire. Iwe ndiwe mwamuna, ukhoza kukwatira ndi zaka 40 anthu n'kumakuvinira. Usandiphunzitse masamu a nyumba ino."

Ndinadzuka n'kubwerera kushopu.

Ukwati unachitika, ndipo unali wabwino. Shumaila atalowa ndi mpango uja, amayi anasiya kutafuna. Akazi a Haji anaugwira pakona n'kuitana anzawo.

"Taonani duwa ili! Pa mpango wonsewu palibe pokongola ngati apa."

Chacha anali ataima kumbuyo, manja aatali atamangidwa mabatani mpaka m'mikono, akumwetulira. Pomuperekeza mwana wawo ku galimoto analira monga amalirira bambo aliyense, ndipo anthu anati taonani chikondi.

Lachisanu lotsatira anabwera m'shopu ali wopepukidwa, ngati munthu amene watula thumba la simenti.

"Bweretsa chitini chako chija, bwana dokotala. Lolemba tipite kwa mayi wako wolongolola uja. Ndiime pageti, mlamu wake wa Haji andigulitse nthochi."

Anameza onse anayi ndikuona. Tinakambirana za maoda amene anadikira, ndipo kwa nthawi yoyamba anandifunsa kuti malo a amisiri asanu ndi mmodzi aja lendi yake ingakhale bwanji.

Loweruka masana anagwera pa felemu. Tinawanyamula ine ndi Tauqeer, ndipo ndinamva m'manja mwanga makilogalamu aja. Pamene tinkafika pageti la chipatala anali atapita. Palibe anatsegula thupi kuti aone, ndipo Dokotala Rubab ananena kuti sangalumbire chimene chinachitika. Anangowonjeza kuti mtsempha umene wakhala miyezi wopanda chitetezo sukonzeka ndi pilisi la tsiku limodzi.

Tsiku lachitatu la maliro amuna tinakhala pa mikeka mu tenti ya mumsewu, tikudya mpunga. Haji Sarfraz anakhala pambali panga. Anali atalankhula kale mokweza kuti Mushtaq anali munthu wathanzi, wosadwaladwala, koma nthawi ikakwana yakwana. Atamaliza kudya anatembenukira ku nsalu ya tenti, anatulutsa kachitini ka zonunkhiritsa m'kamwa, n'kutsegula pansi pa chikhatho. Kutembenuka kumeneko ndinkakudziwa. Pilisinso ndinalidziwa, mtundu wake ndi kaumbidwe kake, chifukwa ndinaligula miyezi yambiri kuseri kwa siteshoni. Atawerama kuti atenge madzi, kolala inatseguka, ndipo ndinaona nsonga ya chipsera chachitali chotsika pakati pa chifuwa.

"Haji, amenewo ndi a chiyani?"

"Chilungulira, mwanawe."

Ndinapitiriza kuwayang'ana. Anakonza kolala pang'onopang'ono, n'kusendera kufupi ndi khutu langa.

"Kunyumba ndili ndi ana aakazi awiri osakwatiwa. Waona chiyani?"

"Palibe, Haji."

"Mulungu akudalitse pa malonda ako."

Ndinakankhira mbale ya mpunga pambali. Nyumba ziwiri, chitini uku, chitini uko, iliyonse ikuopa inzake. Akanakumana pamzere paja, mwina akanangopatsana moni n'kusungirana malo.

Chithunzi cha mpango wa Shumaila chabweretsa maoda ambiri kuposa chilichonse chimene ndinaikapo pa foni. Onse akufuna duwa la pakona lija, ndipo ndimawayankha kuti mmisiri wake kulibe. Felemu ikadali m'kachipinda kaja, nsalu ya kasitomala wa ku Dubai ili pomwepo, yopetedwa theka.

Tauqeer ali ndi zaka 25, ndi wowonda ngati bambo ake, ndipo mpaka lero sanayezetse. Poyamba ankati akuopa singano, munthu wokulira m'nyumba ya masingano. Kenako ananena zoona, kuti nayenso adzafuna mkazi, ndipo a kuchikazi nawonso amafufuza. Ndakhala ndikumulondola ngati kasitomala wovuta. Ndamuuza kuti agogo ake sanafike 50, a Ishfaq 44, bambo ake 47, ndipo onsewo anayamba kudziwa mtima utawagwetsa kale, pamene iye angathe kudziwiratu kukadali zaka makumi awiri. Dzulo anabwera kudzatenga chitini cha mikanda yobiriwira, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti chabwino.

Kuyezetsako ndi pafupifupi marupi 4,000 munthu mmodzi, ndipo amangotenga magazi kamodzi. Lachinayi m'mawa shopu sinditsegula. Ndikamutenga Tauqeer pa njinga yamoto, tikayezetsa tonse awiri, kuchipatala chomwe chija, kudzera pageti lomwe lija. Pobwerera tikaima kwa Umair kuti tikambirane za tsiku lopita ndi Shumaila, ndipo ndikamuuza kuti nayenso apereke mkono. Zotsatira zikatuluka tidzapita nazo kwa Dokotala Rubab.